Chiyambi ndi Tanthauzo la Dzina la Cholmondeley

Mphunzitsi wa mbiri ya kum'mawa kwa Africa sapita patali asanakumane ndi Lord Delamere, mzungu amene adali mtsogoleri wa atsamunda a minda ikuluikulu m'dziko la Kenya kufikira imfa yake m'chaka cha 1931. Mabuku ambiri pomutchula koyamba amaonjezera dzina lake lobadwa nalo, Hugh Cholmondeley, ndipo apa ndi pamene lilime la mphunzitsi limapunthwa. Ena amalimba mtima n'kutchula lembo lililonse, kutulutsa "Cholomondeleyi". Ena amangolilumpha dzinalo ngati chitsa cha m'njira. Chonsecho eni ake amalitchula ndi maphatikizo awiri okha, ngati kuti lidalembedwa Chumley. Malembo alipo 12, koma ofika pakamwa ndi ochepa.

Kwa ife amene tidazolowera kalembedwe kotsata katchulidwe, zoterezi zimaoneka ngati kusewera ndi inki. Mkonzi angathe kufunsa kuti: bwanji osangolemba "Chamuli" kuti wowerenga asavutike? Funsoli nlomveka, koma tisanaliyankhe ndi bwino tione chimene malembo osamvekawo asenza.

Mayina a mabanja ku England

Angerezi sadakhale ndi mayina a mabanja chiyambire. Chisanafike chaka cha 1066 munthu ankakhala ndi dzina limodzi, ndipo pofuna kumusiyanitsa ndi mnzake ankamuonjezera dzina la bambo wake kapena la maonekedwe ake, lomwe linkafera naye limodzi. M'chaka chimenecho William wa ku Normandy adagonjetsa England nagawira ankhondo ake malo. Akuluakulu olankhula Chifalansa amenewa ndiwo adayamba kudzitcha mayina a minda yawo ndi kusiyira ana awo mayinawo, pakuti dzina lidali ngati mboni yakuti malowo ngawo. Chizolowezichi chidatsika pang'onopang'ono kufika kwa amalonda ndi alimi, kotero kuti pofika chaka cha 1400 mabanja ambiri a ku England adali ndi dzina losiyirana. Mayina ena adachokera ku ntchito, monga Smith, wosula zitsulo. Ena ku dzina la kholo, monga Johnson. Ena ku maonekedwe, monga Brown ndi Long. Ndipo ambiri adachokera ku malo. Cholmondeley ali m'gulu lomalizali. Tisalifanizire ndi chiwongo, pakuti a Phiri kapena a Banda ndi khamu lofalikira m'mayiko angapo, pamene dzina ili limaloza mudzi umodzi umene munthu angathe kuupeza pa mapu lero lino.

Ceolmund ndi mphanje yake

Mudziwo uli kummwera kwa chigawo cha Cheshire, pakati pa matauni a Malpas ndi Nantwich, kufupi ndi malire a Wales. Dzina lake lidapangidwa m'Chingerezi chakale, chimene Mngerezi wa lero sangachimve popanda kuchiphunzira, ndipo lidali mawu awiri: Ceolmundes leah.

Ceolmund lidali dzina la mwamuna. Angerezi akale ankapanga mayina a anthu polumikiza mawu awiri, ndipo pano mawuwo ndi ceol ndi mund. Ceol ndi chombo, ngalawa yaikulu yowolokera nyanja. Liwuli nlakale ndithu: Gildas, wolemba wa ku Britain wa zaka za m'ma 500, pofotokoza za kubwera kwa anthu a mtundu wa Saxon m'zombo zitatu, adalemba liwu lomweli monga dzina limene alendowo ankatchulira zombo zawo. Mund poyamba lidali dzanja, kenaka lidadzatanthauza chitetezo, ndiye kuti udindo wa mfumu kapena mwini banja woyang'anira onse okhala pansi pa dzanja lake. M'malamulo a nthawiyo munthu wopalamula mlandu pa malo otetezedwa ndi wina ankalipira chindapusa kwa mwini chitetezoyo. Liwu lomweli ndi limene lili kumapeto kwa mayina a Edmund ndi Osmund.

Apa mpofunika kuchenjeza, chifukwa ofufuza mayina amakonda kuthamanga. Wina angamasulire kuti Ceolmund ndiye "mtetezi wa chombo", n'kuyamba kupeka nthano ya mkulu wa amalinyero. Komatu mudziwu uli pamtunda, kutali ndi doko, ndipo makolo a nthawiyo sankasankha mawu awiriwo kuti apange chiganizo. Ankatola liwu lomwe lidali kale m'mayina a pabanja, n'kulilumikiza ndi lina lozolowereka. Cheshire idali mbali ya ufumu wa Mercia, umene udalamulidwapo ndi Ceolred kuyambira 709 kufikira 716 ndi Ceolwulf kuyambira 821 kufikira 823. Kumpoto nako kudali Ceolfrith, mkulu wa amonke amene adaphunzitsa wolemba mbiri Bede. Onsewa adali ndi "chombo" m'dzina popanda kukhala asodzi. Tanthauzo la mawu omanga dzina ndi chinthu china, chifukwa chimene mwana adapatsidwira dzinalo ndi chinanso.

Liwu lachiwiri, leah, ndilo lidabala ana ambiri pa mapu a England. Poyamba linkanena za nkhalango ya mitengo yapatalipatali, kenaka malo olambulidwa pakati pa nkhalango, ndipo potsiriza busa la ziweto. Liwu lathu loyandikana nalo ndi mphanje. Lero limalembedwa -ley, -leigh kapena -ly: Bradley ndi mphanje yotakata, Stanley ndi mphanje ya miyala, Oakley ndi Ashley adatchedwa ndi mitundu ya mitengo yomera pamalopo. Mphatikiram'tsogolo -es pa Ceolmundes ankagwira ntchito ya "ya" wathu woonetsa umwini, ndipo ndiye kholo la s woonetsa umwini m'Chingerezi cha masiku ano. Motero dzina lonse likuti "mphanje ya Ceolmund", katchulidwe ka malo kosasiyana kwenikweni ndi kathu tikamati kwa Mponda kapena kwa Makanjira. Munthuyo sadasiye mbiri ina koma dzina lomatirira pa nthaka imene adaigwetsera mitengo.

Mlembi wa 1086

Pa Khirisimasi ya 1085 Mfumu William idalamula kuti malo onse a mu ufumu wake alembedwe, pamodzi ndi eni ake, olima, makasu okokedwa ndi ng'ombe ndi msonkho wake. Ntchitoyi idachitika m'chaka cha 1086, ndipo zotsatira zake ndi buku lotchedwa Domesday Book. M'menemo mudzi wathu udalembedwa Calmundelei.

Tiyang'ane lembo loyambalo. M'Chingerezi chakale c akatsatana ndi e kapena i kawirikawiri ankatchulidwa ngati ch wathu: cild ndiye child wa lero, cirice ndiye church, ndipo ceaster, liwu lobwerekedwa ku Chilatini lotanthauza msasa wa asilikali, ndilo Chester, likulu la chigawo chomwechi. Choncho Ceolmund ankayamba kale ndi liwu la ch. Alembi a Domesday Book ankalemba Chilatini ndi khutu lozolowera Chifalansa, ndipo kwa iwo malembo ch nthawi zambiri ankaimira k, nchifukwa chake chigawo cha Kent adachilemba Chenth. Kulemba ch monga timamudziwira kudakhazikika m'Chingerezi m'zaka mazana awiri zotsatira. Owerenga amene ali ndi makope akale a Buku Lopatulika adzakumbuka kuti ifenso tidadutsa njira yomweyi: kumeneko kuli cifukwa ndi cipangano, ndipo anzathu a ku Zambia amalembabe Cinyanja. Liwu pakamwa silidasinthe. Chidasintha ndi pangano la olemba.

Bukuli likuonetsanso kuti m'chaka cha 1086 malowo adali m'manja mwa Robert fitz Hugh, mmodzi wa akuluakulu obwera ndi ulamuliro watsopano, amene likulu lake lidali pa mudzi wotchedwa Depenbech. Dzina la Chingerezi limeneli silidakhalitse. Olamulirawo adalichotsa naikapo lawo la Chifalansa, Malpas, kutanthauza njira yoipa kapena podutsa povuta. Mudzi wa Ceolmund, pokhala waung'ono, udapulumuka ndi dzina lake.

Kuchoka pa mudzi kufika pa banja

Mbiri ya banjali imati m'zaka za m'ma 1100 William le Belward adalandira gawo la malo a Malpas kudzera mu ukwati. Mwana wake Robert adapatsidwa mudzi wa Cholmondeley nayamba kutchedwa Robert de Cholmondeley, pamene zidzukulu za mbale wake David zidatenga dzina la Egerton, mudzi wina wapafupi. Kaliwu ka Chifalansa de kakutanthauza "wa ku", ndipo kadadzagwa patapita mibadwo ingapo, dzina la malo litasanduka dzina la anthu.

Mfundo ziwiri zikutuluka pamenepa. Yoyamba njakuti m'nthawi imeneyo ana a bambo mmodzi ankatha kukhala ndi mayina a mabanja osiyana, aliyense potsata munda wake. Yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti njaikulu, njakuti a Cholmondeley sadalitenge dzinali ku magazi a Ceolmund ayi. Adalipeza pa nthaka, monga mmene munthu amapezera mtengo wa mango pa malo amene walanda kapena wagula. Dzina ndi la Mngerezi wogonjetsedwa; olinyamula ndi nyumba ya ogonjetsa.

Mmene lilime lidalidyera

Chingerezi chimaika mphamvu pa phatikizo loyamba la mawu ake akale, ndipo maphatikizo otsatira amafooka mpaka ena kuzimiririka. Ndi chifukwa chake Leicester, Gloucester ndi Worcester amatchulidwa ndi maphatikizo awiri okha. Chichewa sichitero kawirikawiri, poti phatikizo lililonse limaimirira pa lembo la liwu lake, ngakhale kuti nafenso timafupikitsa tikamati mkazake m'malo mwa mkazi wake. Pa dzina lathuli, s wa umwini adagwa msanga, moti mlembi wa 1086 sadamulembe nkomwe. Pambuyo pake maphatikizo a pakati, -monde-, adaphwanyika n'kutsala m yekha, ndipo l woyamba adaleka kumveka patsogolo pa m monga adachitira m'mawu a calm, palm ndi dzina la Holmes. Chotsala ndicho Chumley.

Chosangalatsa nchakuti dzina la Ceolmund lidamera pa malo angapo, ndipo paliponse lidavala malembo ena. Malembo a liwu eo a Chingerezi chakale adatha, ndipo madera osiyana adawalowetsa m'malo mosiyana. Kum'mawa, ku Suffolk, kuli Chelmondiston, wokhala ndi e. Ku Cheshire komweko, kufupi ndi Nantwich, kuli Cholmondeston, amene adasunga s wa umwini uja pa pepala koma pakamwa n'kukhala Chumston. Kummwera chakumadzulo, ku Devon, kuli tauni ya Chulmleigh, yokhala ndi u. Iyi ndiyo mapasa enieni a mudzi wathu: mawu oyambira ndi omwewo, "mphanje ya Ceolmund", katchulidwe ka lero nkomweko, koma kalembedwe nkosiyana. Midzi iwiriyi ikutalikirana makilomita oposa 200, ndipo chowasiyanitsa pa envulopu ndi malembo omwe sitimawamva aja.

Nako kusintha kwa -mund kukhala -mond kuli ndi chifukwa chake, chimene akonzi angachimvetse. M'kalembedwe ka pamanja ka zaka za m'ma 1200, malembo i, u, m ndi n onse ankapangidwa ndi timizere tatifupi toimirira, moti akatsatana diso linkalephera kuwalekanitsa. Alembi adazolowera kulemba o m'malo mwa u pafupi ndi m kapena n, ndipo ndi mmene come, son ndi monk adapezera o amene samveka ngati o. Kotero kalembedwe ka Cholmondeley si ka m'badwo umodzi: ch ngwa alembi ophunzira Chifalansa, o wachiwiri ngwa alembi opewa kusokoneza maso, d ngwa Ceolmund mwini wake.

Chifukwa chimene cholembera sichidatsate

M'chaka cha 1476 William Caxton adayamba kusindikiza mabuku ku Westminster, ndipo m'chaka cha 1538 boma lidalamula kuti tchalitchi chilichonse chizisunga kaundula wa maubatizo, maukwati ndi maliro. Mlembi wa pa tchalitchi ankalemba chimene wamva, ndipo mlimi wosadziwa kuwerenga sakadatha kumukonza. M'makaundula otere ndimo mudakhazikika Chumley ndi Chumbley. Ena mwa anthu amenewa makolo awo adangochokera ku mudzi wa ku Cheshire kapena ku tauni ya ku Devon, popanda ubale ndi eni nthaka.

Nthambi za banja lenileni zimene zidachoka pamudzi zidafupikitsanso dzinalo, koma pang'ono chabe. Sir Roger Cholmeley, woweruza milandu wamkulu, adakhazikitsa sukulu ya Highgate ku London m'chaka cha 1565. Sir Hugh Cholmley wa ku Whitby adagwirira mfumu linga la Scarborough pa nkhondo ya pachiweniweni kufikira atagonja m'chaka cha 1645. Amene adasunga malembo onse 12 ndi amene adatsala pa nthakayo, pakuti dzina lawo lidali m'zikalata za umwini wa malo, ndipo chikalata sichifuna kusinthasintha.

Nthambi yotsalayi ndiyonso idakwera. Hugh Cholmondeley adapatsidwa ulemu wa Earl m'chaka cha 1706. Earl wachinayi, George James, adalandira nyumba ya Houghton Hall ku Norfolk m'chaka cha 1797 chifukwa agogo ake aakazi adali mwana wa Sir Robert Walpole, amene amawerengedwa kukhala nduna yaikulu yoyamba ya Britain. Adamanga Cholmondeley Castle kuyambira 1801, ndipo m'chaka cha 1815 adakwezedwa kukhala Marquess. Kudzera mwa mkazi wake banjali lidapeza gawo pa udindo wosiyirana wa Lord Great Chamberlain, woyang'anira miyambo ya mfumu ku nyumba ya malamulo, ndipo Marquess wachisanu ndi chiwiri adaugwira kuyambira 1990 kufikira 2022. M'mabuku dzinali limadziwikanso ndi Mary Cholmondeley, amene adatulutsa Red Pottage m'chaka cha 1899.

Sindingabise kuti pa kusunga kalembedweku padalowanso kunyada. Pakati pa olemekezeka a ku England mayina ngati Cholmondeley, Mainwaring wotchulidwa Mannering, ndi Beauchamp wotchulidwa Beecham adasanduka msampha woyesera mlendo: wolitchula monga lidalembedwera ankadziulula yekha kuti adalipeza m'buku, sadalimve pa tebulo la akuluakulu. Mphunzitsi wathu wopunthwa uja asachite manyazi, poti Angerezi ambiri nawonso amapunthwa pomwepo.

Ulendo wa ku Kenya

M'chaka cha 1615 Mary Cholmondeley wina, mayi wamasiye wa banjali, adagula Vale Royal, nyumba yakale ya amonke ku Cheshire, naisiyira mwana wake wamng'ono. Mbadwa ya mwana ameneyu, Thomas, idapatsidwa ulemu wa Baron Delamere m'chaka cha 1821. Delamere ndi dzina la nkhalango ya pafupi ndi nyumbayo, mawu a Chifalansa otanthauza "ya ku nyanja", kunena timadziwe ta m'deralo. Baron wachitatu, Hugh, adabadwa m'chaka cha 1870, adafika ku mapiri a Kenya pa ulendo wosaka nyama m'chaka cha 1897, ndipo m'chaka cha 1903 boma la atsamunda lidamubwereketsa maekala 100,000 ku Njoro. Pambuyo pake adakhazikika ku Soysambu, m'chigwa chimene anthu a mtundu wa Maasai ankadyetsamo ng'ombe zawo asanasamutsidwe ndi mapangano a 1904 ndi 1911. Munthu wodziwa chiyambi cha dzinali sangalephere kuona kuti zimene zidachitika pa mphanje ya Ceolmund zidabwerezedwa pa msipu wa eni nthaka a ku Kenya, ndi anthu a nyumba yomweyo. Koma ulendo uno dzina la obwera ndilo lidafufutidwa: Kenya italandira ufulu m'chaka cha 1963, msewu wa Delamere Avenue mu Nairobi udasanduka Kenyatta Avenue.

Olemba athu amalakwitsa kawirikawiri pamenepa poganiza kuti Delamere ndi dzina la banja. Ndi dzina la udindo, limene amalinyamula munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Ana ake ndi a Cholmondeley, ndipo kulemba kuti "a Hugh Delamere" m'buku la sukulu nkusakaniza zinthu ziwiri.

Tsono tililembe bwanji?

Amene amafuna kuti tililembe mwa Chichewa ali ndi zitsanzo kumbali yawo. Tidalandira sukulu, buledi ndi tebulo n'kuwaveka malaya athu, ndipo mayina a m'Baibulo monga Yohane ndi Mateyu adakhazikika kalekale. Koma amenewa ndi mawu omwe adalowa m'chiyankhulo n'kukhala athu, otchulidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu osadziwa Chingerezi. Cholmondeley sadalowe ndipo sadzalowa. Ndi dzina lamwinimwini la mlendo, limene wophunzira adzalifunafuna m'mabuku ena ndi pa intaneti. Tikamupatsa "Chamuli" tamutsekera khomo, pakuti sadzalipeza paliponse. Ngakhale Blantyre, dzina limene lakhala pakati pathu kuyambira 1876, timalilembabe monga amalilembera ku Scotland.

Palinso vuto lakuti tikasankha kutsata khutu, titsata khutu la yani? Mngerezi wa ku London amatchula phatikizo loyamba ndi liwu limene ife timalimva ngati a, pamene ambiri a kumpoto kwa England amalitchula ndi u. Mkonzi wina adzalemba Chamuli, wina Chumuli, wina Chamule, ndipo pakutha pa zaka khumi tidzakhala ndi anthu atatu pamene padali mmodzi. Tidzalepheranso kusiyanitsa Cholmondeley, Cholmeley, Cholmley ndi Chumley, amene pakamwa ndi amodzi koma pa mbiri ndi mabanja okhala kosiyana.

Maganizo anga ngakuti dzinali lilembedwe monga eni ake amalilembera, ndipo pamene likutchulidwa koyamba wolemba aonjezere katchulidwe kake m'chiganizo momwemo, mwachitsanzo: Hugh Cholmondeley, dzina lotchulidwa ngati "Chamli", adafika ku Kenya m'chaka cha 1897. Kamodzi nkokwanira. Pa pepala lokawerengedwa pa wailesi katchulidweko kalembedwe pamwamba pa dzinalo nthawi iliyonse, popeza wowerenga nkhani alibe mpata wobwerera m'mbuyo. Dzinali likafika kumapeto kwa mzere, wosindikiza alidule pambuyo pa Chol- kapena Cholmon-, osati pakati pa ch. Ndipo pa mndandanda wa mayina wa kumapeto kwa buku la mbiri, mtsamunda wa ku Kenya uja aikidwe pa lembo D, pamene ophunzira adzayambire kumufuna, koma pa lembo C pakhale mzere wowatumiza kumeneko.